Tsache pa Bwalo la Besibo

Al Aziziya, Doha
Meyi 2024

Achemwali anga a Maliyamu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Kodi amayi miyendo ija ikuwalola kufika kumsika? Walije mayeso ake anayenda bwanji? Nanga Aleke chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndili bwino, ndikudya komanso ndikugwira ntchito. Kutentha kwayamba kale. Pofika chakumasana chitsulo cha geti sichigwirika ndi dzanja.

Ndalemba papepala chifukwa foni yanga simukuyankha, ndipo pa WhatsApp munanditsekera. Sindikudandaula. Kalatayi ndapatsira Amina, mtsikana wa ku Liwonde amene amagwira ntchito kuhotelo kuno. Akubwera ku holide, ndipo ndamupempha kuti afike yekha ku Ulongwe akupatseni m'manja.

Uthenga wanu womaliza ndinaumvera mpaka kumapeto. Munati ndagulitsa mlamu wanga chifukwa cha mlendo amene sindidziwa ngakhale kwawo. Munati mabuku anandiumitsa mtima. Munatinso amalume akuti ndinachita nsanje poona kuti amuna anu ayamba kukondedwa pantchito.

Zimenezo sindiyankha. Ndikufuna ndikuuzeni zimene zinachitika monga mmene zinatsatirana, kenako ndikupempheni chinthu chimodzi. Chinthucho chikukhudza moyo wa alamu, Che Yasini, osati mbiri yanga. Choncho ngakhale mwandikwiyira, werengani mpaka kumapeto.

Kumudzi mumauza anthu kuti ndimagwira ntchito kusitediyamu. Zoona zake n'zakuti ndimasamalira dothi.

Masewera ake amatchedwa besibo. Amafanana pang'ono ndi raundasi imene munkasewera ku pulayimale. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Kusiyana kwake ndi mpirawo. Ndi waung'ono ngati lalanje, koma wolimba ngati mwala wokutidwa ndi chikopa, ndipo ukamenyedwa bwino umathamanga kuposa minibasi ya ku Mangochi. Eni dziko kuno sawakonda kwenikweni masewerawa. Amene amabwera Lachisanu ndi Loweruka ndi alendo ngati ife tomwe, Afilipino, Ajapani, Aamereka ndi ena.

Pakati pa bwalo pali kapinga. Kuzungulira kapingayo pali lamba wa dothi lofiira lopanda udzu, ndipo kuseri kwake kuli kapinga wina. Pa lamba wa dothipo ndi pamene pamaima anthu odikira mpira wobwera chokwawa pansi. Amawerama, manja pansi, nkhope kutsogolo. Amatero chifukwa amakhulupirira kuti mpira uyenda mmene ukuonekera. Amene amawapatsa chikhulupiriro chimenecho ndi ife osamalira dothi.

Ndinalipo pamene tinkamanga bwaloli zaka zitatu zapitazo. Pansi pa Doha palibe nthaka. Pali miyala yoyera ndi fumbi lamchere. Tinakumba mpaka m'mawondo, tinayala mapaipi ochotsa madzi ndi timiyala, kenako tinathira dothi limene linabwera m'makontena kuchokera kunja. Taganizani, achemwali, katondo amene kwathu timamudandaula kuti amadetsa zovala, kuno amakwera sitima.

Dothilo ndi losakaniza. Muli mchenga wambiri, dongo pang'ono, ndi dothi losalala lija limatsala m'mbali mwa mtsinje madzi akaphwa. Mchenga ukachuluka, wothamanga amatitimira. Dongo likachuluka, dzuwa limaliotcha n'kukhala njerwa. Tinaliyala ndi zingwe ndi levulo kuti litsetsereke pang'ono kwambiri. Diso silingaone kutsetserekako, koma madzi amakuona.

Pamwamba pake timamwaza timibulu ta dongo lootcha, tooneka ngati misere ya chimanga. Munthu wosadziwa angati ndi zinyalala. Koma timibuluto ndi timene timasunga chinyezi, monga mapesi aja alangizi ankatiuza kuti tiziphimbira m'munda. Tikachoka, dzuwa la kuno limaumitsa dongo tsiku limodzi.

M'mawa uliwonse timathirira, timakanda pamwamba ndi thabwa la misomali, kenako timasalaza ndi ukonde wachitsulo umene timakoka kumbuyo. Ndikamaliza ndimabaya kiyi wanga pansi. Akalowa mosavuta n'kutuluka woyera, ndiye kuti bwalo lili bwino.

Malamulo akuluakulu ndi awiri okha. Timibulu sitichoka pamalo pake, ndipo dothi silipita kukapinga. Ngati tigwira tsache, timasesa kuchokera kukapinga kulowetsa m'kati. Dothi likaunjikana m'malire a udzu limapanga kamzere kobisika m'kapinga, ndipo mpira ukakagunda umadumpha.

Zonsezi ndinawafotokozera alamu atangofika chaka chatha. Mukukumbukira kuti munandipempha ndiwapezere malo, ndipo ndinachita ndi mtima wonse. Sindinanong'onezepo bondo. Che Yasini ndi munthu wantchito kuposa ine. Basi ya kampani isanaime bwinobwino iwo amakhala atatsika kale. Anyamata a ku Nepal amene timagwira nawo ntchito ankawatcha kuti baba, ndipo ankawasungira tiyi.

Koma bwaloli ankaliseka. Ankalitcha munda wa azungu wosabala kanthu. Ankandifunsa ngati ndinawoloka nyanja yonseyi kuti ndidzathirire dothi losadzala mbewu. Ine ankanditcha Pulofesa. Ndikawafotokozera za timibulu ankagwedeza mutu n'kunena kuti amva, Pulofesa, kenako ankatembenukira kwa anyamata aja n'kuwauza m'Chichewa chimene iwo samva kuti mwana uyu anayamba kuwerenga asanasiye kukodza pamphasa. Tinkaseka tonse. Ndi chilamu, sindinkakwiya.

Tsiku lina anandiuza kuti iwo anagwira tsache ine ndisanasiye kuyamwa. Anati bwalo laulemu limaoneka pansi pake, osati lodzaza misere ngati pamtondo. Anatinso anakukwatirani inu chifukwa bwalo la kwathu linkawala munthu akadali kumsewu. Ndinawayankha kuti kuno bwalo lowala ndi bwalo loopsa. Anati amva, Pulofesa.

Inu mukuwadziwa kuposa ine. Uyu ndi munthu amene kwa zaka zambiri ankasesa bwalo la mzikiti Lachisanu lililonse popanda womutuma. Kwa iwo kulandira alendo pamalo osasesa ndi manyazi.

Mu Febuluwale kunakonzedwa mpikisano waukulu. Kunkabwera matimu ochokera kumayiko oyandikana nawo, pamodzi ndi akuluakulu a kumaofesi a akazembe. Sabata yomweyo kampani inanditumiza kumpoto, kufamu imene timadzalako kapinga, chifukwa amene amayang'anira kumeneko anadwala. Pabwalo panatsala alamu, anyamata awiri othirira, ndi kapitawo watsopano amene anachokera kuntchito ya misewu.

Alamu anamva kuti kukubwera alendo olemekezeka. Anadula masamba a kanjedza kuseri kwa mpanda, anamanga tsache ngati la kwathu, n'kuyamba kusesa m'mawa uliwonse. Anasesa monga timasesera pakhomo, kuyambira pakati kupita m'mbali. Timibulu tonse anatikankhira m'kapinga, n'kutilowetsa bwino m'udzu kuti tisaoneke. Kenako anawaza madzi ndi kusalaza dongo lotsalalo. Kapitawo atabwera anawayamikira. Anati bwalo silinakhalepo loyera chonchi, anawajambula ndi chithunzi. Chithunzicho mwina munachiona, chifukwa anakutumizirani.

Sabata imeneyo kunali mphepo youma. Pofika Lachisanu dongo linali litapsa.

Ndinamva pambuyo pake kuti osewera ena anadandaula poyeserera kuti mpira ukuthamanga kwambiri. Koma alendo anali atakhala kale pamipando, ndipo palibe anafuna kukhala woyamba kunena kuti masewera aime.

Ine ndinabwerera tsiku lomwelo masana, titatuluka ku mapemphero a Juma. Pageti ndinakumana ndi ambulansi ikutuluka. Mlonda wa pagetipo ndi Stephano, mnzanga wa ku Ntcheu. Sanandipatse ngakhale moni. Anangoti achimwene kwagwa zovuta, mpira waphulitsa diso la munthu.

Munthuyo dzina lake ndi Arnel. Si bwana ayi. Ndi Mfilipino amene ankakonza zikepe za m'nyumba zosanja, ndipo ankagona m'chipinda cha anthu ambiri ngati ife. Anali ndi mkazi kuno ndi ana awiri kwawo. Ankaima pangodya yachitatu, pamene mpira umafika mwamphamvu kuposa pena paliponse. Mpira unabwera chokwawa pa kapinga, iye anawerama kuti autole, ndipo utafika m'malire a udzu unadumpha. Unathyola fupa lozungulira diso lakumanzere. Disolo madokotala analephera kulipulumutsa.

Anthu atabalalika ndinalowa pabwalo. Nsapato yanga inkalira ngati ndikuyenda pasimenti. Ndinabaya kiyi, sanalowe. Ndinapita m'malire a kapinga n'kuyendetsa phazi, ndipo kamzere kanali pomwepo, kutalika ngati zala zitatu, kuzungulira bwalo lonse. Padongo pankaonekabe mizere ya tsache yokhotakhota bwino, ngati ija mumasiya inu kutsogolo kwa khonde.

Alamu anabwera kumbuyo kwanga. Anandifunsa motsitsa ngati ndi dothi lachititsa. Ndinati inde. Anati koma anayeretsa. Anabwereza mawu omwewo, kenako anakhala pansi padongopo, manja pamutu.

Madzulo omwewo manijala wa kampani anatiitana. Anati tikonze bwalo msanga ndipo nkhani ithere pomwepo. Anati mpira ndi mpira, aliyense wosewera amadziwa kuti akhoza kuvulala. Anamaliza ndi liwu lawo lija la kuno lakuti halasi, kutanthauza kuti zatha.

Bwalo ndinalikonza, osati chifukwa cha iye, koma chifukwa m'mawa mwake kunali masewera ena. Tinadula kamzere kaja ndi zokumbira, tinanyowetsa dongo, tinalikanda, tinamwazanso timibulu. Alamu anagwira ntchito pambali panga mpaka mdima. Chilichonse anachichita molondola. Zonse zimene ndinkawaphunzitsa anali atazimva.

Tsopano mvetsani mbali iyi, chifukwa ndi imene amalume sakuidziwa. Ngati munthu wavulala chifukwa cha masewera okha, tsoka ndi lake. Ngati wavulala chifukwa bwalo linali lolakwika, inshuwalansi ya kampani imalipira chipatala ndiponso kumupatsa poyambira. Arnel ankafunika maopaleshoni angapo. Ntchito yake inali itatha kale, chifukwa palibe kampani imene ingalowetse munthu wa diso limodzi m'dzenje la chikepe.

Patapita masabata angapo anatiuza kuti kukhala bwalo lofufuza za ngoziyo. Kudzakhala akuluakulu a masewerawa ndi munthu wa inshuwalansi, ndipo adzafunsa ine popeza ndine woyang'anira dothi.

Tsiku loti mawa lake tikaonekera, alamu anandipeza pamalo ochapira. Anati ine ndimadziwa Chingerezi, ndikangonena kuti bwalo linali bwino basi. Anati diso silibwerera ngakhale ndinene zoona. Ndinavomera kuti silibwerera. Anati nanga ndiye ndikufuna chiyani. Ndinawafotokozera za inshuwalansi. Anandiyang'ana n'kunena kuti mbumba yanga ndi Walije ndi Aleke, osati ana a Mfilipino. Anati mwini mbumba sataya ana a mlongo wake kuti akondweretse anthu a pamsewu.

Ndinawauza kuti dzina lawo sinditchula, koma sindinganene kuti bwalo linali bwino. Anati zikomo, Pulofesa. Ulendo uno sanaseke.

M'chipinda chofufuziracho munali mkazi wa Arnel. Anakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo. Funso linali lolunjika. Anandifunsa ngati tsiku limenelo bwalo linali mmene liyenera kukhalira. Ndinati ayi. Anandifunsa chimene chinalakwika, ndipo ndinafotokoza za dongo louma ndi kamzere. Sanandifunse kuti anasesa ndani. Aliyense ankadziwa amene anatsala pabwalo sabata imeneyo.

Ndinawauzanso zina zimene sanandifunse. Ndinati munthu amene anachita zimenezi anazichita chifukwa cha khama, osati ulesi. Ndinati kapitawo anaona ndipo anayamikira. Ndinati kampani inasiya bwalo m'manja mwa munthu watsopano sabata ya mpikisano. Zonsezo analemba. Sizinathandize kanthu. Kapitawo anamusamutsira kwina. Alamu anawachotsa ntchito. Ine anandiuza kuti kontirakiti yanga ikatha kumapeto kwa chaka sadzaiwonjezera.

Mwina mukudzifunsa chifukwa chake sindinasenze mlanduwo ndekha. Ndinaganizapo. Koma ndinali kufamu sabata yonse, ndipo anthu ambiri anandiona kumeneko.

Inshuwalansi inalipira. Arnel anachitidwa maopaleshoni ake, ndipo mwezi watha anabwerera kwawo. Sanandithokoze, ndipo panalibe chifukwa choti andithokozere.

Achemwali, nkhaniyi ndaitembenuza mbali zonse. Atandifunsanso lero, ndingayankhe chimodzimodzi. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akupwetekani. Koma sindingakunamizeni m'kalata imene ndikukupemphani kuti mundikhulupirire.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera.

Munthu akachotsedwa ntchito kuno amapatsidwa nthawi yoti apeze ina. Alamu anakana thandizo langa, ndiye ndinkadutsira mwa Stephano. Tinayesa kumakampani a ulonda, a zaukhondo, a zamaluwa. Ena anati zaka zachuluka. Ena anati Chingerezi palibe. Kampani imodzi inavomera, koma atawayeza kuthamanga kwa magazi anawabweza. Nthawi ija yatha. Kampani yawagulira tikiti ya Lachinayi lomaliza la mwezi uno. Akapanda kukwera ndege imeneyo, adzakhala munthu wopanda mapepala.

Alamu atenga chikwama chawo n'kuchoka kumene kampani imatigoneka. Akukhala kudera lina lotchedwa Old Airport, m'nyumba imene anaigawa timazipinda ndi mapulanga. Kumeneko kuli Mmalawi wina dzina lake Maclean, amene amauza anthu kuti mapepala ndi a anthu amantha. Amawapatsa ndowa ndi nsanza kuti azitsuka magalimoto m'malo oimikapo, iye n'kumatengapo gawo lake. Wawauza alamu kuti anthu ambiri akhala choncho zaka ndi zaka.

Ena akhaladi. Koma tamverani zimene Maclean sanena.

Alamu amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse. Mankhwalawo amawalandira chifukwa cha khadi la chipatala, ndipo khadilo limayendera limodzi ndi chitupa chokhalira m'dziko. Chitupa chikafa, kupita kuchipatala kumakhala ngati kukadzipereka wekha.

Kuyambira mu Juni boma limaletsa kugwira ntchito panja masana chifukwa cha kutentha. Lamuloli limateteza munthu amene ali ndi kampani yoti aidzudzule. Wotsuka magalimoto mobisa amatsuka nthawi imene galimoto yaima. Kutentha kwa kuno si kwa ku Balaka mu Okutobala. Mpweya umene umapuma umakhala wotentha kuposa thupi lako, thukuta siliuma, ndipo impso ndi mtima zimatopa munthu asakudziwa.

Apolisi amafunsa zitupa m'misewu ndi pamasiteshoni. Akakugwira amakutsekera, kenako amakutumiza kwanu ndi zovala zimene wavala, ndipo sungabwererenso. Imeneyo ndiyo njira yabwino mwa njira ziwiri.

Njira inayo ndinaiona chaka chatha. Amalawi a kuno tinasonkherana kutumiza thupi la bambo wina wa ku Namwera. Anali wamng'ono kwa alamu. Anagona madzulo ataweruka, m'mawa sanadzuke. Papepala analemba kuti mtima unaima. Popeza analibe kampani, thupi linakhala mufiriji nthawi yaitali tikuyenda m'maofesi. Mkazi wake ankandiimbira tsiku lililonse kufunsa ngati amusambitsa mwa Chisilamu. Sindikufuna kudzalandira foni yotero kuchokera kwa inu.

Lachisanu lapitali ndinapita ku Old Airport ndi Stephano. Tinawapeza pamalo oimika magalimoto kuseri kwa supamaketi ina. Ine ndinaima patali, kuseri kwa basi, chifukwa akandiona amachoka. Aonda, achemwali. Malaya aja munawasokera akulendewera. Koma mapazi atupa mpaka zingwe za patapata zalowa m'mnofu. Akutsuka galasi lakutsogolo anaima kawiri n'kugwira chitseko cha galimoto, maso atatseka. Kutupa kwa mapazi kwa munthu wa BP si kutopa wamba. Ndinafunsa namwino wina wa ku Zomba amene ali kuno, ndipo anati munthu wotero akufunika kuonedwa sabata yomweyo.

Stephano anapita kukawalonjera. Anamulandira bwino, anamugulira ndi madzi ozizira. Anamufunsa ngati Pulofesa akuthirirabe munda wake. Koma atangotchula za tikiti, nkhope inasintha. Anati anthu a ku Ulongwe anawaperekeza ndi mapemphero a dua mpaka pa siteji, ndiye akatsike basi atanyamula chiyani. Anati nyumba mbali imodzi ilibe malata. Kenako anatulutsa foni n'kumuikira Stephano kuti amve uthenga wanu, uja munati alimbe mtima, asabwere chimanjamanja adani angaseke. Stephano akuti sanachite kuufufuza m'fonimo. Unali pamwamba penipeni.

Sindikukuimbani mlandu. Munalankhula mawu amenewo musakudziwa za mapazi, za khadi la chipatala, kapena za Maclean. Munkawalimbikitsa monga mkazi aliyense angachitire. Koma iwo awatenga ngati lamulo. Stephano wayesa, shehe wa kumzikiti umene timapempherako wayesa, anyamata a ku Nepal aja anapita kukawaona. Onsewo amawaikira uthenga womwewo kuti amve.

Pempho langa ndi ili. Aimbireni foni, osati uthenga wojambula, koma muyankhule nawo. Muwauze kuti abwere. Musawafunse maganizo awo, chifukwa adzakuuzani kuti ali bwino, ndipo adzakuseketsani mpaka mudzakhulupirira. Musanene kuti Yusufu wanena. Muwauze kuti inu mukuwafuna pakhomo, ndi chikwama kapena opanda chikwama.

Za malata ndi sukulu ya ana, ine ndikadali malume wawo. Mpaka ntchito yanga ithe ndizitumiza kudzera kwa amayi, kuti musavutike ndi kulandira kuchokera m'manja mwanga. Ikadzatha ndidzaona pogwira pena.

Ndikudziwa kuti chimene chikukuvutani kwambiri ndi pakamwa pa anthu. Adzafunsa kuchitsime, kumsika ndi kumzikiti kuti Che Yasini abwereranji msanga. Muwauze kuti mlamu wawo anawachotsetsa ntchito. Si bodza. Mutchule dzina langa momveka. Amalume ayamba kale kufalitsa, ndiye anthu sadzavutika kukhulupirira. Mwamuna amene waperekedwa ndi mlamu wake anthu amamumvera chisoni, samuseka. Ine ndili kutali, mawu a kuchitsime sandifika.

Tsiku la ulendo Stephano wasinthana kale nthawi ya ntchito ndi mnzake kuti adzawaperekeze ku eyapoti. Zovala zimene anasiya kuchipinda ndazichapa ndi kuzilongedza, ndipo ndaikamo mankhwala a miyezi ingapo. Stephano adzanena kuti ndi iye wakonza. Ine sindidzapitako. Akadzandiona pakhomo la eyapoti akhoza kubwerera, ndipo sindikufuna kuti nkhope yanga iwononge zimene mawu anu adzakhale atakonza. Akadzafika, apite kuchipatala sabata yoyamba, asadikire kuti mapazi aphwe okha.

Amina akangokupatsani kalatayi, masiku adzakhala atatsala ochepa. Musadikire kuti mukambirane kaye ndi amalume. Musadikirenso kuti mundikhululukire. Zimenezo zikhoza kutenga zaka, ndipo ndege ndi ya Lachinayi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo ali m'chikwama cha Amina. Moni kwa Walije ndi Aleke. Kwa amalume muperekenso, ngakhale sakaulandira. Mulungu akusungeni nonse, awafikitse alamu pakhomo akuyenda ndi miyendo yawo, ndipo akupatseni mtima wofewa kwa amuna anu ngakhale ukhalebe wouma kwa ine.

Ndine mlongo wanu,
Yusufu